Mawu Amene Ndinakunamizirani

Amayi anga, kodi kumeneko mwaswera bwanji?

Ine kuno sindili bwino. Thupi silikupweteka, koma mtima suli m'malo, ndiye mukaona zilembo zikukwera n'kutsika musati ndaiwala sukulu. Ndikulemba mofulumira chifukwa ndiyenera kukafika ku Namacula kwa alamu anga dzuwa lisanapendeke, ndipo ndikufuna ndiyambe ndauza inu. Pa anthu onse amene ndawalakwira, woyamba ndinu.

Koma munkati mlendo sanena za maliro asanamwe madzi, ndiye ndiyambe ndi za kumudzi. Ku Lione mvula yagwa bwino chaka chino. Achimwene a Paulo alima munda wanu wa kumtsinje, abzala mbatatesi, ndipo akuti masamba ake akuda bii. Nyemba za chaka chatha zinali zambiri, koma theka zinadyedwa ndi anankafumbwe chifukwa palibe amene anakumbuka kuthira phulusa nthawi yake. Khoma la kumvuma la nyumba yanu lagwa. Azakhali akuti tisalimangenso, a Paulo akuti timange, ndipo mpaka pano sakulankhulana bwino. Mbuzi yanu ya mawanga inaswa awiri.

Mimba ija munandisiya nayo inabadwa bwinobwino, mwana wamwamuna. Dzina lake ndi Zito. Tsopano akukwawa, akuluma chilichonse, ndipo makutu ake ndi anu enieni, oimirira aja. Bambo ake, amuna anga a Mateyu, ali ku Cuamba pa ntchito ya zomangamanga, amabwera mwezi ukatha. Ife tikadali ku Chiuaula, nyumba yomwe ija munadzagonamo pamene munkabwera ku chipatala.

Tsopano ndikuuzeni chinthu chimene simunachione. Mutangotisiya kumene, ku gulu lathu la amayi ku tchalitchi kunabwera atsikana awiri ophunzira. Anatisonyeza buku lokhala m'foni, la m'Chinyanja chathu chomwechi, iwo amalitcha wiki. Lilibe mwini mmodzi. Aliyense amene walembetsa dzina akhoza kulembamo zimene akudziwa, za kumunda, za kuphika, za matenda a ana, ndipo wina akhoza kubwera pambuyo kudzakonza kapena kufufuta. Amayi ena anaseka, anati ndiye msikatu umenewo, aliyense akuitanira malonda ake, nanga zoona tizizidziwa bwanji? Atsikanawo anati muziyang'ana utoto. Mawu olembedwa kumene amakhala pamwamba pa utoto wa lalanje, wowala ngati malaya a anthu okonza msewu. Akakhalitsa, anthu odalirika akumadutsapo n'kumawasiya osawakhudza, utotowo umafwifwa pang'onopang'ono mpaka pamayera. Ndiye pa lalanje muziwerenga mochenjera, poyera mukhoza kutsamirapo. Anatinso dzina lililonse lili ndi kulemera kwake. Munthu amene mawu ake safufutidwa, dzina lake limalemera, ndipo akalemba chatsopano chimabwera chofwifwa kale, sichichedwa kuyera. Ukadina pa liwu lililonse, limatuluka dzina la amene analilemba.

Ine ndinamva msanga kuposa anzanga, chifukwa munkatiuza kuti mawu a akulu amakoma akagonera. Ndinaseka ndekha, ndinati foni yaba nzeru za amayi anga.

Ndinalembetsa dzina, ndinayamba kulemba zimene munandiphunzitsa. Kasungidwe ka nyemba. Kafutsidwe ka masamba a khwanya kuti asachite nkhungu. Zonse zinkatuluka pa lalanje wowala. Zina wina ankazikonza kalembedwe, zina ankazichotsa n'kunena kuti zinalembedwa kale pena. Dzina langa linakhalabe lopepuka ngati gaga. Nanga ine wa kalasi yachinayi ndikanayembekeza chiyani? Koma zinkandiwawa, Amayi, chifukwa zinthuzo sizinali zanga, zinali zanu, ndipo ndinkaona ngati akufufuta inuyo.

Alamu anga a Selina mukuwakumbuka, alongo awo aakulu a Mateyu, amene ndi enfermera, ndiye kuti namwino, ku posto, kachipatala kakang'ono kaja. Ndi aja anandiimira pamene abale ena ankati mnyamata wakwatira mbuli ya kumunda. Iwonso amalemba m'bukumo, za katemera, za amayi oyembekezera, ndipo palibe amene amawafufuta. Mawu awo amayera msanga.

Lamulungu lina anabwera kudzationa. Anabereka Zito kuti apite naye ku msika, foni yawo anaisiya pa moto wa magetsi m'nyumba, ili yotsegula pa tsamba la ana otsegula m'mimba limene ankalikonza. Unali mwezi womwe uja munamwalira, chaka chitazungulira. Tsiku limenelo ndinadzuka nditakusowani kwambiri, ndipo ndinkafuna dzina lanu likhale penapake posati pa mtanda pokha. Ndinatenga foniyo. Pansi pa tsambalo ndinalemba kuti malemu amayi a ku Lione ankati liwombo la mwana likalowa, uotche zitsononkho, phulusa lake usakanize ndi mafuta a nsatsi, upake pa liwombopo. Zimenezo munanenadi, ndinakumvani ndi makutu anga.

Koma nditaziyang'ana zinaoneka zazifupi pafupi ndi mawu a alamu. Ndinafuna zioneke za munthu wodziwa. Ndiye ndinawonjezera kuti ukatero palibe chifukwa chothamangira ku chipatala, ndiponso kuti mwana asamwe madzi ambiri chifukwa amawonjezera kutsegula. Amayi, zimenezo simunanene. Ndinazitola kwa azimayi ena pa mjigo, ndipo ndinaziika m'kamwa mwanu inu muli m'manda, simungathe kukana.

Ndinadina, zinalowa ndi dzina la alamu, utoto wake wofwifwa kale. Iwo atabwera anatenga foni yawo osaona kanthu, poti amalemba zambiri ndipo zanga zinali pansi penipeni. Patapita nthawi panayera. Ndinkatsegula tsambalo kawirikawiri, kungoyang'ana, monga mmene munthu amapitira kukasesa pa manda. Ndinkanyadira. Ndikuchita manyazi kulemba zimenezi koma ndinkanyadira.

Ndipo ndikanakhala pansi n'kukumbukira bwino, ndikanadziwa. Chaka chija Feliki, mng'ono wathu, anatsegula m'mimba ali khanda, munamupakadi phulusa, inde. Koma munakhala naye pa miyendo tsiku lonse ndi kasupuni, madzi owiritsa pang'ono, bere, madzi pang'ono, bere, akasanza mumvekere tiyambirenso. Kutacha munamubereka, munayenda pansi mpaka ku posto mvula ikugwa, ine ndikukutsatirani pambuyo ndi ambulera yothyoka. Za supuni ndi za ulendowo simunazinenepo ngati malangizo, munkangochita. Ine ndinalemba zimene pakamwa panu pananena, zimene manja anu ankachita ndinazisiya, n'kuikapo zanga.

Tsopano imvani zimene zachitika.

Kuseri kwa mpanda wathu kumakhala Amina, Msilamu wa ku Meponda. Mwamuna wake Che Saidi amagulitsa usipa ku msika. Inu simunamupeze, anasamukira kuno mutapita kale. Amina ndi amene anandisambitsa nditabereka, poti inu kunalibe. Ndi amene anandiphunzitsa kugwira mutu wa mwana pomusambitsa. Pa Ramadani amatipatsira futali pa mpanda. Amanditcha achemwali. Mwana wake Zainabu anabadwa pambuyo pa Zito pang'ono, ndipo timawagoneka pa mphasa imodzi tikamachapa.

Mvula ya masiku apitawa inadzaza zimbudzi m'bairo muno, dera lathu lino, ana ambiri adwala. Zainabu anayamba kutsegula, kenako liwombo linalowa. Amina anabwera kwa ine ndi foni ya mwamuna wake. Iye kuwerenga amavutika, amene anamuwerengera ndi Che Saidi asanapite ku msika. Anati, "Achemwali, taonani, pali poyera apa, ndipo akuti alemba ndi alamu anu omwe, a enfermera. Nsatsi ndapeza. Zitsononkho muli nazo?"

Amayi, ndinamupatsa zitsononkho.

Ndinangoti komabe muzimumwetsako madzi. Iye anati, "Iii, achemwali, inu mukuposa alamu anu? Apa alemba kuti asamwe." Anaseka, ndipo ine sindinaulule. Ndinaganiza za alamu, ndinaganiza za a Mateyu, ndinaganiza za abale aja ankati ndine mbuli, kuti tsopano adzati ndinenso wakuba. Ndinadziuza kuti mwina mwanayo achira yekha, ana amachira. Ndinalowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Dzulo m'mawa ndikupachika matewera ndinazindikira kuti kuseri kwa mpanda kuli zii. Mwana wodwala amalira, uyu sankalira. Ndinalowa osaodira. Ndinapeza Zainabu ali pa mphasa, phulusa lili pamutu, maso atalowa, milomo itauma, bere akulikana. Nditatsina khungu la pamimba silinabwerere msanga. Sindikudziwa mawu amene ndinanena. Ndinangomunyamula, Zito ndinamusiyira mayi wa eni nyumba, ndinaimitsa njinga yamoto pa msewu, Amina akukwera pambuyo chitenje chili m'manja. Ku chipatala chachikulu anasowa mtsempha pa mkono, madzi a diripi aja amati soro anachita kumuika pamutu, atamumeta mbali imodzi. Namwino anafunsa Amina kuti mwachedweranji chonchi mayi. Amina anangowerama. Za foni sanatchule. Potuluka anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mukanapanda inu, achemwali." Ndikanakonda akanandimenya.

Lero kutangocha ndinatsegula tsambalo pa foni yanga, ndi dzina langa, ndinafufuta mawu onse aja. Ndinapuma. Phala la Zito lisanazizire n'komwe, ndinayang'ananso, mawu abwerera. Munthu wina amene sindimudziwa, wa dzina lolemera, anawabwezeretsa, n'kulemba kuti musafufute mawu a azaumoyo popanda umboni. Ndinafufutanso. Anawabwezanso, ndipo anandichenjeza kuti ndikapitiriza atseka dzina langa. Ndiye ndinalemba pansi pake kuti izi ndi zabodza, mwana azimwa, thamangani ku chipatala. Zinatuluka pa lalanje wowala, pafupi ndi bodza langa lili poyera mbee. Mayi amene anaphunzitsidwa ngati ife akhulupirira ziti?

Munthuyo sindikumuda. Akulondera pakhomo monga anauzidwira, akuona dzina lopepuka likugwetsa mawu a enfermera, nanga atani? Utotowo sudziwa kuti foni inali m'manja mwa ndani. Umangodziwa dzina. Munkati chitenje chobwereka ukachidetsa, amene amasekedwa ndi mwini wake. Ine ndinkayesa mukunena za zovala basi.

Ndipo mvula ikugwabe, Amayi. Bukulo siliwerengedwa ku Chiuaula kokha. Liliko ku Mandimba, liliko ku Cuamba, ngakhale ku Malawi amaliwerenga. Pamene ndikulemba pano mwina kwinakwake mayi wina akuotcha zitsononkho, kapu ya madzi waikankhira kutali, chifukwa malemu amayi a ku Lione anatero.

Amene angachotse mawuwo n'kukhala ochoka ndi alamu okha. Ndisakubisireni, maganizo oyamba anali oti ndipite ngati ndakacheza, ndiwapemphe foni kuti ndiimbire a Mateyu, ndifufute mwakachetechete, ndibwere. Ndinavala kale chitenje, Zito ali kumsana. Koma ndinaima pa khomo. Ndikatero mawu achoka, inde, koma Amina akhalabe akudziwa kuti amene anatsala pang'ono kumuphera mwana ndi alamu anga ndi inu. Ndipo tsiku lina adzanena pa mjigo. Ndiye ndinamasula mwana, ndinakhala pansi kulemba kalata ino, kuti mawuwa ndiyambe ndawatulutsa kwa munthu amene sangandithamangitse.

Ndikuopa. Alamu akauza a Mateyu, a Mateyu akauza abale, mwina ndibwerera ku Lione kukakhala m'nyumba yakugwa khoma ija. Koma dzuwa likupita. Ndikuika cholembera pansi.

Amayi, ndabwerako.

Ndinawapeza pa khonde akuluka mwana wawo tsitsi. Ndinagwada patali. Anaseka, anati, "Mlamu, mwagwada ngati mwabwera kudzafunsira mbeta, mwana wangayu akadali wamng'onotu." Nditapanda kuseka anamuuza mwanayo kuti alowe m'nyumba. Ndinanena zonse, kuyambira Lamulungu lija mpaka zitsononkho. Sanandidule. Anatenga foni, anatsikira pansi pa tsamba, anawerenga, anadina pa mawuwo n'kuona dzina lawo likutuluka. Funso lawo loyamba linali lakuti, "Mwanayo ali moyo?" Ndinati pamene ndinkachoka dzulo anali moyo. Anati, "Mukanaba foniyi n'kukaigulitsa, mlamu, bwenzi nditakukhululukirani kale."

Kenako anayamba kulemba, ine ndili chigwadire. Anachotsa zonse, za phulusa zomwe. Analemba kuti liwombo likalowa ndiye kuti madzi atha m'thupi mwa mwana, ayamwitsidwe, amwetsedwe, ndipo apite ku chipatala tsiku lomwelo. Kumalo kumene olemba amakambirana analemba kuti mawu akale aja sanali awo, foni yawo inagwiritsidwa ntchito ndi wa pakhomo, ndipo anapempha kuti asabwezedwenso. Dzina langa sanalitchule. Tinadikira tikuyang'ana foniyo. Munthu uja anayankha kuti wamva, ndipo mawuwo sanabwerere.

Ndinafunsa ngati dzina lawo litsike chifukwa cha ine. Anati litsika, ndipo anzawo a ku ntchito amene amawerenga bukulo awafunsa, koma zimenezo ndi zawo, ine ndisamale zanga. Anati a Mateyu sawauza iwo, ndiwauze ndekha akabwera. Anatinso mawa m'mawa tipitire limodzi ku chipatala kwa Amina ndi Che Saidi. "Ndikaima pambali panu," anatero, "koma pakamwa pakakhala panu."

Asanandilole kupita anaimbira mnzawo amene amagwira ntchito ku chipinda cha ana. Akuti Zainabu watsegula maso, wagwira bere pang'ono n'kulisiya. Akuti tisafulumire kusangalala, akadali wofooka kwambiri.

Zito anamupatsa nthochi, anamupsompsona pa mphumi. Ine sanandiperekeze. Chikwatiwire changa alamu sanalepherepo kundifikitsa pa msewu, ngakhale mvula ikugwa. Lero anatsala pa khonde, ndipo ndinayenda ndekha mpaka ku Chiuaula. Sindikudandaula, ndangokuuzani.

Dzina lanu lachoka pa tsamba lija, Amayi. Ndinalifunira malo abwino, m'malo mwake ndinalipachika bodza. Mundikhululukire. Mawa ndikamuuza Amina kuti mawu aja sanali a alamu, ndipo oipitsitsawo sanali anu, anali anga, ndiponso kuti tsiku lija anabwera ndi foni ndinkadziwa. Sindikudziwa ngati adzanditchanso achemwali. Ngati akandilavulira, ndikaima pomwepo mpaka amalize.

Ndili ndi pempho limodzi lokha, ngakhale sindiyenera kupempha kanthu. Mukaona kamwana kakakazi kakubwera njira ya kumeneko, kometedwa mbali imodzi ya mutu, musakalandire. Si ka mpingo wathu, koma inu simunkasankha mwana. Katembenuzeni, mukauze kuti amake akudikira, kabwerere.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndikulonjeza kuti sindidzakuikaninso m'kamwa mawu amene simunanene.

Ndine mwana wanu,
Lusiya